Kapitawo wa Pachigayo ndi Makina Ogawa Ntchito pa Intaneti

Mawu oyamba

Ndili m'chaka choyamba pano pasukulu ya ukachenjede, tchuthi china chinandipeza kwathu kwa Malemia, m'chigwa cha Domasi, ndili ndi ntchito imodzi yofunika. Ndinkayenera kutumiza fomu pa tsamba la pa intaneti la bungwe lina tsiku lotsekera lisanadutse. Kwathu netiweki imagwira bwino pachulu cha kuseri kwa nyumba, choncho ndinakwera pachulupo ndi foni m'manja, dzuwa likupendeka. Ndinalemba zonse zofunika, ndinadina potumizira, ndipo kagudumu kaja kanayamba kuzungulira. Kanazungulira mpaka tsambalo linandiuza kuti ndiyambirenso. Ndinayambiranso kasanu ndi kawiri. Bandulo imene amayi anandigulira atagulitsa ndowa ya mpunga inathera pa kagudumu kameneko. Fomuyo inadzapita m'bandakucha, anthu ambiri atagona, pa bandulo ya ngongole.

Masiku onsewo ndinkadandaula za netiweki ya kumudzi. Titatsegulira sukulu ndinafotokozera mnzanga wina amene amaphunzira za makompyuta. Iye anati netiweki ikanakhala kuti ndiyo inali yolakwa, tsambalo silikanatseguka n'komwe. Anati zikuoneka kuti vuto linali tsidya linalo: tonse tinafika pakhomo limodzi nthawi imodzi, ndipo makompyuta otilandira anali ochepa kapena ntchito sinkagawidwa bwino pakati pawo. Kenaka anatchula dzina la chipangizo chimene chimagawa ntchitoyo, load balancer. Pokhala wophunzira chiyankhulo, ndinamufunsa kuti m'Chichewa chimatchedwa chiyani. Anangoseka.

Chimangirizo chino chinabadwa pa kuseka kumeneko. Sitingatche dzina chinthu chimene sitikuchidziwa, motero ndiyamba ndafotokoza ntchito ya chipangizochi ndi mafunso amene ochikonza amalimbana nawo, ndipo pomaliza ndibwerera ku nkhani ya dzina. Mfundo yanga ndi yakuti kugawa ntchito bwino si kugawa mofanana. Ndi kuonetsetsa kuti palibe munthu akudikira pamene makina ena angokhala, ndiponso kuti makina ena akafa, munthu asataye zimene anayamba.

Seva ndi mzere wa pachigayo

Tikatsegula tsamba pa foni, foniyo imatumiza pempho ku kompyuta ina ya kutali, imene ntchito yake ndi kuyankha mapempho otere usana ndi usiku. Kompyuta imeneyi imatchedwa seva. Seva iliyonse ili ndi malire a mapempho amene ingayankhe pa sekondi, choncho makampani monga Google ndi Facebook amakhala ndi maseva masauzande ambiri m'nyumba zikuluzikulu. Komabe munthu wotsegula tsamba amadziwa adiresi imodzi yokha. Pafunika wina woima pa adiresi imeneyo, wolandira pempho lililonse ndi kusankha seva yoti iliyankhe. Woimayo ndiye load balancer.

Ntchito imeneyi ndinaiona ndili mwana, ngakhale sindinkadziwa kuti ili ndi masamu ake. Amalume anga, amene kwathu timawatchula kuti amjomba, anagwirapo ukapitawo pachigayo china cha m'mbali mwa msewu wa Zomba kupita ku Liwonde. Panali makina atatu ogaya ndi amodzi okonola. Masiku wamba ntchito yawo sinkaoneka. Koma magetsi akazima tsiku lonse n'kuyaka madzulo, amayi a midzi ingapo ankafika pamodzi ndi madengu, ndowa ndi matumba. Pamenepo amjomba ankaima pakhomo n'kumaloza: "Mayi, inu pitani apo. Anganga, dikirani pang'ono, awa atsala pang'ono kumaliza." Iwo sankagaya ngakhale chitini chimodzi, koma tsiku limene anadwala, anthu anagona pachigayo.

Masamu a mizere anayambitsidwa ndi Agner Krarup Erlang, amene ankagwira ntchito ku kampani ya matelefoni ya ku Copenhagen ndipo analemba za nkhaniyi mu 1909. Chimene masamuwa amaonetsa n'chakuti kudikira sikukula pang'onopang'ono. M'chitsanzo chosavuta, pamene anthu amafika mwachisawawa ndipo thumba limatenga pafupifupi mphindi imodzi kugaya, chigayo chotanganidwa theka la nthawi yake chimasunga munthu mphindi 2. Chikatanganidwa magawo 90 pa 100 alionse, munthu amakhala mphindi 10. Chikafika magawo 99, amakhala mphindi 100. N'chifukwa chake tsamba limene limayenda bwino mwezi wonse limatha kuima tsiku lotsekera, kapena tsiku lotuluka zotsatira za mayeso. Phunziro loyamba kwa wokonza makina ogawa ntchito ndi lakuti seva isamadzazidwe mpaka pakamwa.

Njira zosankhira

Funso loyamba ndi lakuti, pempho likafika, lipite kuti? Njira yosavuta kwambiri ndi ya kasinthasintha: woyamba ku makina oyamba, wachiwiri ku achiwiri, wachitatu ku achitatu, wachinayi kubwereranso ku oyamba. Njirayi imaoneka yachilungamo, koma imawerenga anthu m'malo mowerenga katundu. Mayi wa chitini chimodzi ndi bambo wa matumba anayi a makilogalamu 50 onse amawerengedwa ngati munthu mmodzi. Pa intaneti zilinso chimodzimodzi, pakuti pempho lotsegula tsamba loyamba ndi lopepuka, koma lotumiza chithunzi cha satifiketi kapena lofufuza dzina pakati pa mayina ambiri ndi lolemera.

Kuwonjezera apo, makina sakhala ofanana mphamvu. Pachigayo paja panali makina amodzi akale amene ankagaya mochedwa, ndipo amjomba ankawapatsa munthu mmodzi pamene enawo alandira awiri awiri. Akatswiri amachitanso zomwezo. Seva iliyonse amaipatsa nambala yosonyeza mphamvu zake, ndipo yamphamvu imalandira mapempho ochuluka.

Njira ina ndi yoyang'ana kaye mizere, n'kutumiza munthu kumene kuli anthu ochepa. Imeneyi ndi yanzeru kuposa yoyamba, koma ili ndi msampha wake pamene ogawa ntchito ali ambiri. Tiyerekeze kuti pali akapitawo khumi pa makomo khumi, ndipo onse auzidwa kuti makina achitatu alibe munthu. Onse atumiza anthu awo komweko nthawi imodzi, ndipo makina amene anali opanda munthu asanduka odzaza kuposa onse. Michael Mitzenmacher anafufuza nkhani yogawa ntchito motere m'kafukufuku wake wa digiri ya udokotala ku Berkeley mu 1996, ndipo njira imene inatchuka ndi yodabwitsa chifukwa cha kuphweka kwake. Kapitawo asayang'ane makina onse. Asankhe awiri okha mwamaere, n'kutumiza munthu ku amene ali ndi mzere waufupi mwa awiriwo. Popeza kapitawo aliyense amasankha awiri ake, iwo sathamangira malo amodzi, ndipo mizere imalingana bwino kwambiri kusiyana ndi kusankha makina amodzi mwamaere.

Palinso funso lakuti kapitawo ayang'ane mozama bwanji. Wina amangoona thumba ndi mwini wake n'kuloza, ndipo amafulumira. Wina amamasula thumba kuti aone ngati muli chimanga chofunika kukonola kapena mphale yofunika kugaya, ndipo amachedwerapo koma amatumiza kolondola. Akatswiri amati woyambayo amagwira ntchito pa gawo lachinayi la netiweki, pomwe amangoona maadiresi, ndipo wachiwiriyo pa gawo lachisanu ndi chiwiri, pomwe amawerenga pempho lenilenilo, n'kutumiza zithunzi ku maseva a zithunzi ndi zamalipiro ku maseva a malipiro. Makampani aakulu amagwiritsa ntchito onse awiri motsatizana: wofulumira pachipata cha kunja, wowerenga pakhomo la m'kati.

Kukumbukira amene anayamba kale

Funso lachiwiri ndi lovuta kuposa loyamba. Mayi amene wathira thumba lake loyamba m'makina achiwiri, n'kutuluka kukatenga lina panjinga, ayenera kubwerera ku makina omwewo, chifukwa ufa wake uli kumeneko. Pa intaneti uthenga umaduladulidwa kukhala timapaketi tambirimbiri, ndipo timapaketi tonse ta kulumikizana kumodzi tiyenera kufika pa seva imodzi. Kapaketi kakasochera ku seva ina, seva imeneyo sikadziwa, ndipo kulumikizana kumaduka. Chimodzimodzinso fomu ya masamba angapo. Ngati seva imodzi yokha ndiyo ikusunga zimene munthu walemba, iye akatumizidwa kwina amauzidwa kuti ayambirenso.

Kapitawo angathe kulemba m'kope kuti uje ali ku makina akuti, ndipo makina ogawa ntchito amasungadi ndandanda yotere. Koma kope likhoza kudzaza, ndipo likhoza kutayika pamene kapitawo wagwa. Choncho akatswiri amawonjezera lamulo la masamu. Amatenga zizindikiro zisanu za kulumikizana, zomwe ndi adiresi ya wotumiza, adiresi ya wolandira, nambala ziwiri za makomo olowera ndi mtundu wa kulumikizanako, n'kuzisandutsa nambala imodzi. Nambalayo ndiyo imaloza seva, ndipo munthu yemweyo amapeza yankho lomwelo nthawi zonse popanda kope.

Lamulo loyamba limene munthu angaganize ndi la chotsala pogawa. Tiyerekeze kuti makina ogaya alipo anayi, ndipo tawapatsa nambala 0, 1, 2 ndi 3. Munthu wa nambala 10 tigawa nambala yake ndi 4, chotsala ndi 2, ndiye apite ku makina a nambala 2. Tsopano makina a nambala 3 afa, atsala atatu. Tigawa 10 ndi 3, chotsala ndi 1. Munthu uja wasamutsidwa, chonsecho makina ake ali bwinobwino. Tikawerengera anthu 12, kuyambira nambala 0 mpaka 11, tipeza kuti 9 asamuka, pamene amene anali pa makina akufawo ndi atatu okha. Imfa ya seva imodzi yasokoneza pafupifupi aliyense.

Yankho la vutoli linachokera kwa David Karger ndi anzake a ku Massachusetts Institute of Technology mu 1997. Njira yawo, imene imatchedwa consistent hashing, tingaiyerekeze ndi bwalo lozungulira. Makina amaikidwa m'malo osiyanasiyana m'mphepete mwa bwalolo, ndipo munthu aliyense amaima pamalo amene nambala yake yamuloza, n'kuyenda molowera mbali imodzi mpaka atapeza makina oyamba. Makina ena akachotsedwa, amene amapitirira kutsogolo ndi anthu ake okha, ena onse sasuntha. Pofuna kuti katundu wa akufawo asagwere mnansi mmodzi, makina alionse amapatsidwa malo ambiri pabwalopo. Awiri mwa amene analemba nawo kafukufukuyu, Tom Leighton ndi Daniel Lewin, anali m'gulu la amene anayambitsa kampani ya Akamai mu 1998.

Google inakonza njira yakeyake m'makina ake ogawa ntchito otchedwa Maglev, amene inayamba kuwagwiritsa ntchito mu 2008 ndi kuwafotokoza poyera mu 2016. M'malo mwa bwalo, Maglev imakhala ndi ndandanda ya mipata yambiri, monga 65,537, ndipo maseva amasankha mipata mosinthana mpaka yonse itadzaza. Potero seva iliyonse imakhala ndi mipata pafupifupi yofanana ndi ya inzake. Mtengo wake ndi wakuti seva ikafa, anthu ena ochepa amene sanali ake amasamukabe. Apa tikuona khalidwe la ntchito yonseyi: wokonza sapeza njira yopanda chilema, amangosankha chilema chimene angathe kupirira nacho.

Kuzindikira makina odwala

Amjomba ankadziwa makina odwala ndi khutu. Lamba akayamba kuterera, kulira kwa makina kunkasintha, ndipo iwo ankasiya kutumizako anthu woyendetsa makinawo asananene. Load balancer nayo imafunsa seva iliyonse pakapita timasekondi tingapo ngati ili moyo, ndipo imene yalephera kuyankha kangapo motsatizana imachotsedwa pandandanda.

Koma kukhala moyo si kukhala bwino. Tsiku lina sefa ya makina amodzi inang'ambika, ndipo makinawo anayamba kumaliza matumba mofulumira kuposa ena onse, chifukwa chimanga chinkangodutsa chosagayika bwino. Mzere wake unafupika, ndipo aliyense woyang'ana mizere yokha akanatumiza anthu onse kumeneko. Amjomba anazindikira atagwira ufa m'manja. Anandiuza kuti, "Iwe, ukaona makina akuthamanga kuposa masiku onse, usasangalale. Pita ukagwire ufa." Seva imachitanso zomwezi. Ikawonongeka mwa mtundu wina imayankha mwamsanga kuti yalephera, motero imaoneka yopepukidwa, ndipo njira ija yotumiza kumene kuli anthu ochepa imaithira mapempho ochuluka. Okonza makina ogawa ntchito amayenera kuwerenga mayankho olephera, osati liwiro lokha.

Ngozi yaikulu ndi kugwa motsatizana. Maseva atatu, iliyonse yotanganidwa magawo 80 pa 100, amaoneka kuti ali bwino. Imodzi ikafa, iwiri yotsalayo iyenera kusenza magawo 120 iliyonse, zomwe n'zosatheka. Yachiwiri imagwa, kenaka yachitatu. Ndipo ife ogwiritsa ntchito timakoleza moto. Madzulo aja pachulu, pamene ndinayambiranso kasanu ndi kawiri, ndinasanduka anthu asanu ndi atatu pamzere, ndipo anzanga onse m'dziko muno ankachita chimodzimodzi. Pofuna kupewa zimenezi, mapulogalamu okonzedwa bwino amadikira nthawi yowonjezerekawonjezereka asanayesenso, ndipo amasakanizako kanthawi ka mwamaere kuti onse asabwerere pamodzi. Naye wogawa ntchito ayenera kudziwa kukana. Amjomba akaona kuti mzere sutha dzuwa lisanalowe, ankauza ofika mochedwa kuti, "Pepani amayi, musataye nthawi, mudzabwere m'mawa." Mawuwa ankawawa, koma anali abwino kuposa kulandira onse n'kusagayira aliyense. Tsamba londiuza poyera kuti ladzaza likanandisungira bandulo.

Ngakhale kuyeza thanzi kumene kungathe kupha. Pa 4 October 2021 Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima padziko lonse kwa maola pafupifupi 6. Malinga ndi kufotokoza kwa kampaniyo, lamulo lina limene linaperekedwa pa nthawi yokonza zinthu linadula njira zolumikiza nyumba zake za maseva. Makompyuta olozera anthu adiresi ya Facebook anali ndi lamulo lakuti akalephera kuyankhulana ndi nyumbazo adzichotse okha panjira, poganiza kuti iwo ndiwo akudwala. Onse analephera nthawi imodzi, ndipo onse anadzichotsa. Lamulo lothandiza pamene mmodzi wadwala linasanduka chiphe pamene onse anaoneka odwala.

Kapitawo akadwala

Ndanena kale kuti tsiku limene amjomba anadwala anthu anagona pachigayo. Wogawa ntchito akakhala mmodzi, iye yemweyo ndiye malo ofooka kwambiri, chifukwa maseva chikwi amoyo sathandiza ngati pachipata palibe woloza. Mutu umodzi susenza denga. Njira yakale inali yokhala ndi makina awiri okwera mtengo, ena ogwira ntchito, ena ongodikira kuti anzawo akafa alowe m'malo. Njira imeneyi imateteza, koma theka la ndalama limangokhala, ndipo khamu likapitirira mphamvu za makina amodzi palibe kothawira.

Makampani aakulu anasintha kaganizidwe. Maglev ndi pulogalamu yoyenda pa makompyuta wamba ambirimbiri, onse ogwira ntchito nthawi imodzi. Makina olozera njira amene ali kutsogolo kwawo amawagawira timapaketi mofanana, ndipo popeza onse amatsata ndandanda imodzi ija, kapaketi kakagwera kwa kapitawo wina kamalozedwabe ku seva yomweyo. Wina akafa, anzake amapitiriza. Khamu likakula, amangowonjezera makompyuta. Facebook inatulutsa poyera pulogalamu yake ya mtundu womwewu, yotchedwa Katran, mu 2018.

Nzeru ina ndi yakuti yankho lisabwerere kudzera kwa wogawa ntchito. Pachigayo mayi akagayitsa sapitanso kwa kapitawo kukaonetsa ufa, amasenza n'kutulukira khomo lina. Pa intaneti pempho limakhala laling'ono koma yankho, monga kanema, limakhala lalikulu zedi. Seva ikamayankha mwachindunji kwa wopempha, wogawa ntchito amasenza gawo lopepuka lokha ndipo amatumikira anthu ochuluka.

Tisaganize kuti zonsezi ndi za olemera okha. Wensong Zhang wa ku China anayambitsa Linux Virtual Server mu 1998, Willy Tarreau wa ku France anatulutsa HAProxy kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo Igor Sysoev wa ku Russia anatulutsa Nginx mu 2004. Mapulogalamu atatu onsewa amapezeka mwaulere. Bungwe la kuno kwathu limene lili ndi maseva atatu kapena anayi lingathe kuwagwiritsa ntchito. Chofunika ndi munthu wodziwa kuwakonza, ndiponso woganizira za tsiku la khamu lisanafike.

Mtunda ndi dziko lathu

Kugawa ntchito kumayamba munthu asanafike pachipata, pa funso lakuti apite ku chigayo cha mudzi uti. Makampani aakulu ali ndi nyumba za maseva m'mayiko ambiri. Foni ikafunsa adiresi ya tsamba, ingathe kupatsidwa ya nyumba yapafupi. Njira ina ndi yolengeza adiresi imodzi kuchokera m'malo ambiri, n'kulola kuti netiweki imufikitse munthu kumene kuli kufupi.

Mtunda ndi wofunika chifukwa kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi m'zingwe za galasi zonyamula intaneti. Kuchokera ku Zomba kupita ku London ndi makilomita oposa 8,000 poyeza molunjika, choncho kupita ndi kubwerera kumatenga mamilisekondi oposa 80, ndipo milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,400, kutanthauza mamilisekondi 14. Zingwe zenizeni zimakhotakhota, ndipo tsamba limodzi limafuna maulendo ambiri otere, motero kusiyanaku munthu amakumva m'manja. Microsoft inatsegula nyumba zake za maseva obwereketsa ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, ndipo Google ku Johannesburg mu 2024. Kuno kwathu, malo okumanirapo makampani opereka intaneti, Malawi Internet Exchange, anakhazikitsidwa ku Blantyre mu 2008, kuti uthenga wochokera kwa Mmalawi kupita kwa Mmalawi mnzake usamakazungulire kunja.

Dziko lathu lilibe nyanja yamchere, choncho intaneti yathu imadutsa m'mayiko oyandikana nafe kuti ikafike ku zingwe za pansi pa nyanja. Mu May 2024 zingwe za EASSy ndi SEACOM zinawonongeka, ndipo intaneti inavuta m'mayiko angapo a kum'mawa kwa Africa, kuphatikizapo Malawi. Phunziro lake ndi lomwe lija la maseva atatu: njira ziyenera kukhala zingapo, ndipo zotsala ziyenera kukhala ndi mpata wosenza katundu wa imene yafa. Funso lomweli limabukanso kumapeto kwa mwezi, pamene anthu ochuluka akutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba nthawi imodzi.

Tichitche chiyani?

Tsopano tingabwerere ku funso limene mnzanga analiseka. Njira yoyamba ndi kubwereka, monga tinachitira ndi kompyuta, seva ndi intaneti. Kubwereka si tchimo, ndipo chiyankhulo chilichonse chimatero. Koma mawu awiriwa akalembedwa m'kalembedwe kathu amatalika, ndipo sauza womva kanthu kalikonse.

Njira yachiwiri ndi kumasulira liwu ndi liwu, n'kupeza dzina monga chilinganizakatundu. Dzinali lili ndi zilema ziwiri. Katundu m'Chichewa ndi chinthu chogwirika, ndipo womva angaganize za sikelo ya pamsika wa Songani. Chachiwiri, kulinganiza kumabweretsa ganizo la kufananitsa, pamene taona kuti seva yamphamvu imapatsidwa zambiri, yodwala simapatsidwa kanthu, ndipo munthu amene anayamba kale amabwezedwa kumene anayambira ngakhale kuli mzere.

Njira yachitatu ndi kupanga dzina kuchokera ku ntchito yake. Chichewa chimalumikiza tsinde la mneni ndi dzina, monga mu mtolankhani, chipondamthengo ndi mtanthauziramawu. Potsata njirayi tingapeze mgawantchito kapena chigawantchito. Mphatikiram'mbuyo m- amatikumbutsa munthu, monga mu mtolankhani, pamene chi- amagwirizana ndi zipangizo monga chigayo ndi chitsulo. Pa chifukwa chimenechi ndikusankha chigawantchito, zambiri zigawantchito. Mnzanga uja anati dzinali likumveka ngati chigawenga. Ndinamuyankha kuti chimasanduka chigawenga chikakonzedwa molakwika.

Sindikunena kuti dzinali likhazikika. Bungwe la Chichewa Board, limene linakhazikitsidwa mu 1972, ndi Centre for Language Studies, imene inalowa m'malo mwake mu 1996, akhala akugwira ntchito yokonza mawu ndi kalembedwe, komabe mawu amakhala moyo pokhapokha anthu akamawagwiritsa ntchito. Chimene ndaona n'chakuti mfundo zonse za chipangizochi zafotokozeka ndi mawu a pachigayo. Chimene chinkasowa si mawu, koma munthu woyesa.

Mawu omaliza

M'chimangirizo chino ndafotokoza kuti chigawantchito chabwino chimayankha mafunso anayi: pempho lipite kuti, amene anayamba kale abwerere bwanji komwe anayambira, seva yodwala izindikirike bwanji, ndipo chichitike n'chiyani chigawantchitocho chikafa. Pa funso lililonse pali kusankha pakati pa liwiro, kulondola ndi ndalama, ndipo amene amasankha ndi anthu.

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa ntchito zambiri, monga kulembetsa sukulu, kufunsira ntchito ndi kulipira misonkho, zikusamukira pa intaneti. Tsamba likagwa, wa m'tauni amene ali ndi intaneti ya ku ofesi amangoyesanso pambuyo pake. Wa kumudzi amataya ndowa ya mpunga, ndipo nthawi zina amataya mwayi wa chaka chonse, kenaka n'kumadziimba mlandu kapena kudandaula za netiweki, monga ndinachitira ine. Munthu amene akudziwa kuti pali chinthu chotchedwa chigawantchito angathe kufunsa eni tsamba kuti anakonzekera anthu angati, ndipo funso limenelo angalifunse m'chiyankhulo chake.

Tchuthi chapitachi ndinawafotokozera amjomba zonsezi tili pakhonde, kuyambira pa bwalo la Karger mpaka pa kusankha makina awiri mwamaere. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa kuti, "Tsono makompyuta akowo, sefa ikang'ambika, ndani amapita kukagwira ufa?" Ndinawauza kuti ameneyo ndi mmodzi mwa mafunso amene akatswiri amavutika nawo kwambiri, ndipo anagwedeza mutu ngati munthu amene ankadziwa kale.